Mlandu wa nyanja suola: tisaiwale za pa Ulongwe

Tengani mapu a dziko lino, muike lula kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kufika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, mujambule mzere. Muona kuti mzerewo sukhala m'Malawi mokhamokha. Ukangopitirira mapiri a malire ulowa m'dziko la Mozambique, udutsa pamwamba pa tauni ya Ulongwe m'boma la Angonia, kenaka nkubwereranso kwathu kuno m'boma la Dedza. Njira yachidule ya pakati pa mizinda yathu iwiri ikuluikulu imadzera m'munda wa eni.

Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan idanyamuka ku Blantyre kulinga kuno ku Lilongwe. Siidafike. Asilikali a boma la Mozambique adaiwombera cha ku Ulongwe, ndipo anthu onse 10 amene adali m'ndegemo, okwera 8 ndi ogwira ntchito 2, adafa. A ku Maputo adati ndegeyo idalowa mumlengalenga mwa dziko lawo. Iyi idali ndege ya anthu wamba, yochoka m'Malawi kupita m'Malawi momwemo, koma idalandira chilango choyenera ndege yankhondo ya adani.

Pitani lero mu msika waukulu wa ku Old Town kapena pa depoti ya mabasi, mufunse achinyamata za Ulongwe. Ambiri akuuzani za mbatata ya kachewere ndi kabichi zochokera ku Angonia. Za ndege aja akuyang'anani kumaso. Ife a nyuzipepala ino tikuikumbutsa nkhaniyi chifukwa zimene zidapha anthu 10 aja sizidathe. Zidangosamuka, kuchoka kumalire a kuzambwe kupita kumpoto, kunyanja, komwe dziko lino ndi Tanzania akhala akukokana kwa zaka zoposa 50 popanda kumaliza.

Kuti timvetse chifukwa chimene msilikali amawombera ndege imene sakuidziwa, tiyenera kubwerera ku 1986. Nthawi imeneyo nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idali itafika pa mponda chimera m'zigawo za Tete ndi Zambezia, zomwe zidazungulira kum'mwera kwa dziko lino ngati chikhatho. Renamo inkalandira zida kuchokera ku boma la azungu la South Africa, ndipo zina mwa zidazo zinkabwera pa ndege usiku. Malawi, dziko lokhalo la anthu akuda mu Africa lomwe lidali ndi ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho lija kuyambira 1967, linkaganiziridwa kuti ndilo khomo la Renamo. Anthu a mu Lilongwe asaiwale kuti ntchito yomanga likulu lino idayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa komweko. Anansi athu sankaiwala zimenezi.

Mu Seputembala 1986 a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzamuuza Dr Kamuzu Banda pamaso kuti asiye kusunga Renamo. Boma la Kongeresi lidakana kuti silikuchita zimenezo. Atabwerera ku Maputo, a Machel adaopseza kuti atseka malire ndipo atchera mizinga m'mbali mwake. Patangotha mwezi umodzi, pa 19 Okotobala, a Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, pochokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia. Chaka chisadathe, mu Disembala, maboma awiriwa adasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu adapita kukalondera njanji ya ku Nacala.

Onani bwino pamenepa. Pofika tsiku lomwe Skyvan idagwa, Malawi ndi Mozambique pa pepala adali abwenzi. Asilikali a maiko awiriwa ankalondera njanji imodzi. Koma chidani ndi kukayikirana komwe atsogoleri adafesa kwa zaka zambiri sikudafufutike ndi siginecha. Munthu amene wakhala akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti mdani amachokera mbali ya ku Malawi, ndipo amabwera pa ndege, sadikira kalata yochokera ku likulu akamva mkokomo kumwamba. Akuluakulu amatukwanana pa wailesi, mawa lake nkukumbatirana pa bwalo la ndege. Wotsalira m'mbuyo ndi mnyamata wa mfuti ali ku thengo uja, yemwe chala chili pa chowombera.

Chomvetsa chisoni nchakuti pansi pa mlengalenga momwe ndegeyo idawomberedwa mumakhala anthu amodzi. Amene adayendapo mu msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa kuti pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire: wogulitsa tomato wa tsidya ili ndi Mmalawi, wa tsidya ilo ndi wa ku Mozambique, koma onse akutsatsa m'Chichewa. Angoni a ku Angonia ndi Angoni a kwa Gomani ndi mtundu umodzi. Pamene nkhondo idakula, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno, ndipo ambiri adalandiridwa ndi abale awo enieni. Anthu wamba sadali pa udani. Udani udali ku nyumba za boma.

Ndipo kuno kwathu ndani akadaimirira nkufunsa? Mu 1987 kudalibe nyuzipepala yoima payokha, kudalibe chipani chotsutsa m'nyumba ya malamulo. Wailesi idali imodzi, ndipo inkayamba ndi kutsiriza ndi dzina la munthu mmodzi. Kufunsa kuti kodi ndale za boma lathu pa nkhondo ya ku Mozambique zaika miyoyo ya a Malawi pa chiswe kudali kudziitanira ayufi ndi apayoniya pakhomo. Inu amene nthawi imeneyo mudali ku Lusaka, ku Harare, ku Dar es Salaam ndi ku London mukudziwa kuti nthawi zambiri mumamva nkhani za kwanu msanga kuposa abale anu amene adali mu Kawale ndi mu Chilinde. Ufulu wofunsa mafunso tidaupeza pa 14 Juni 1993. Tiyeni tiugwiritse ntchito pa nkhani ya nyanja, zinthu zisanafike pomwe zidafika pa Ulongwe.

Gwero la mkangano wa nyanja ndi pangano la Heligoland, lomwe Britain ndi Germany adasainirana pa 1 Julayi 1890. Panganolo lidati malire a dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, atsate gombe la kum'mawa ndi kumpoto kwa nyanja mpaka pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Kutanthauza kuti madzi onse a chigawo chakumpotocho ndi a Malawi. Ndi Mozambique nkhani idakonzedwa mosiyana: mu 1954 Britain ndi Portugal adagwirizana zosuntha malire kuchoka pa gombe kupita pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu nkutsalira m'manja mwathu. Pangano lotere ndi Tanzania silidachitike. Mu 1962 nduna yaikulu ya Tanganyika, a Rashidi Kawawa, idavomereza m'nyumba ya malamulo ya kwawo kuti nyanjayi siili m'malire a dziko lawo. Mu 1964 ku Cairo maiko a m'bungwe la OAU adagwirizana kuti alemekeze malire omwe adawapeza polandira ufulu, ndipo mmodzi mwa amene adalimbikira mfundoyi adali Mwalimu Julius Nyerere mwini wake.

A ku Tanzania nawo ali ndi zonena zawo, ndipo nkwabwino kuti a Malawi azidziwe m'malo momangozinyoza. Iwo amati pomwe maiko awiri agawana nyanja, mwambo wa maiko ndi wakuti malire azidutsa pakati. Amatchula mapu ena a nthawi ya atsamunda omwe adajambula mzere pakati pa madzi. Amafunsanso kuti kodi mayi wa ku Mbamba Bay akatunga madzi m'mawa, kapena msodzi wa ku Kyela akakankha bwato lake, ndiye kuti walowa m'dziko la eni popanda chiphaso? Funso lomalizali silisintha zimene zidalembedwa mu 1890, koma ndi funso la anthu enieni, ndipo mayankho athu ayenera kuliganizira.

Tanzania idadzutsa nkhaniyi mwalamulo mu 1967. Chaka chimenechi sichidangochitika mwangozi. Atatha mavuto a nduna a 1964, a Kanyama Chiume, a Yatuta Chisiza ndi ena adapeza pothawira ku Tanzania, ndipo Dr Banda ankamuona Mwalimu Nyerere ngati wosunga zigawenga, pomwe Nyerere ankamuona Banda ngati bwenzi la Apwitikizi ndi Mabunu. Mu 1968 Dr Banda adathira mafuta pa moto ponena poyera kuti madera ena a kum'mwera kwa Tanzania ndi kum'mawa kwa Zambia ndi a Malawi. Ndi mawu amenewo adafoola yekha mfundo yathu yamphamvu, yakuti malire a atsamunda asasunthidwe. Kuyambira pachiyambi, tsono, nkhani ya nyanja idasakanikirana ndi kusamvana kwa atsogoleri, monga momwe zidalili ndi Mozambique.

Kenaka kudati zii kwa zaka zambiri. Chidaudzutsa mlanduwu ndi mafuta. Mu 2011 boma la a Bingu wa Mutharika lidapereka chilolezo ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanja. Mu 2012 nduna yoona za maiko akunja ya Tanzania, a Bernard Membe, idauza nyumba ya malamulo ku Dodoma kuti ndege za ofufuza mafuta zikuuluka mbali yawo popanda chilolezo, ndipo idalamula kuti kufufuzako kuime. A Edward Lowassa, omwe ankatsogolera komiti ya aphungu yoona za chitetezo, adanena kuti dziko lawo ndi lokonzeka kumenya nkhondo ngati zitafika pamenepo.

Imani pa mawu a ndegewo. Kwa woyendetsa ndege amene wanyamuka ku Karonga ndi chilolezo cha boma la Malawi m'thumba, kuuluka pamwamba pa madzi kufupi ndi gombe la kum'mawa ndi kuuluka kwawo. Kwa msilikali amene waima pa gombelo ndi mapu a boma lake, ndege yomweyo yaphwanya malire. Onse awiri akutsata malamulo. Onse awiri akukhulupirira kuti ali pa chilungamo. Pakati pawo pali malo aakulu a madzi ndi mlengalenga omwe mapu awiri akunena zosiyana. Pa Ulongwe malire adali odziwika bwino, koma anthu adafa. Nanga kunyanja, komwe malirewo ndiwo mkangano?

Mu Ogasiti 2012 mayi Joyce Banda ndi a Jakaya Kikwete adakumana ku Maputo, ndipo a Kikwete adatsimikiza kuti nkhondo kulibe. Nkhani idaperekedwa m'manja mwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae. Mu Malichi 2014 zokambiranazo zidathera m'malere, mbali zonse zitakanirira pomwe zidaima. Mu 2016 Tanzania idatulutsa mapu atsopano oonetsa malire pakati pa nyanja, ndipo boma lathu lidadandaula. Chichokereni apo nkhaniyi imangotuluka pakachitika kanthu, nduna nkuyankhula mawu awiri atatu olimbitsa mtima, kenaka nkubwereranso m'kabati ku Capital Hill.

Ena mwa akuluakulu okhala ku Area 10 ndi Area 43 amati kukhala chete ndiyo nzeru ya ukazembe, galu wogona osamudzutsa. Ife tikukana. Mlandu suola, ndipo mlandu wa malire ukadzuka sudikira kuti nduna zivale majekete. Pa 24 Novembala 2015 ndege zankhondo za Turkey zidagwetsa ndege yankhondo ya Russia pa malire a Syria, ndipo a ku Turkey eni ake adati ndegeyo idakhala mumlengalenga mwawo masekondi 17 okha. Pa 1 Seputembala 1983 asilikali a Soviet Union adagwetsa ndege ya anthu wamba ya Korean Air Lines yomwe idasochera, anthu 269 nkufa. Chaka chotsatira maiko adawonjezera ndime m'pangano la Chicago la za maulendo a pa ndege, yoletsa kugwiritsa ntchito zida pa ndege za anthu wamba. Patangotha zaka zitatu ndimeyo italembedwa, Skyvan yathu idagwa. Malamulo olembedwa ku Montreal sathandiza ngati maiko oyandikana sadakhale pansi nkuuzana kuti ndege ikasochera tizichita chakuti, tiziimbirana pa nambala yakuti.

Palinso gulu lina, la anyamata amene akakhuta pa Bwandilo kapena akatenga foni m'manja amalemba kuti tiwaonetse a ku Tanzania kuti ndife amuna. Awa tiwafunse: mafuta amene mwathira m'galimoto yanu adzera kuti? Dziko lino lilibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wathu amadzera ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala, kapena kudutsa pa Tete kuchokera kum'mwera. Amayi amene amagulitsa zitenje ndi nsapato ku Old Town amakapikula ku Kariakoo, nkudutsa pa Songwe. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu ankazungulira mtunda wautali pa malole ndipo mtengo wake udagwera wogula mchere ndi sopo. Mfuti ikalira kunyanja, oyamba kuthawa adzakhala asodzi a ku Karonga ndi ku Chilumba, oyamba kufa adzakhala ana a alimi amene adalowa usilikali pofuna ntchito. Oyankhula mokweza aja adzakhala akumvera pa wailesi.

Maganizo a nyuzipepala ino ndi omveka. Tikukhulupirira kuti pa malamulo Malawi ali ndi mfundo zolimba. Tsono amene ali ndi mfundo zolimba saopa bwalo. Anzathu a Botswana ndi Namibia adakanganapo za kachilumba ka Kasikili, komwe a ku Botswana amati Sedudu, mu mtsinje wa Chobe. Adapita ku bwalo la milandu la maiko onse ku The Hague, ndipo pa 13 Disembala 1999 bwalolo lidagamula kuti chilumbacho ncha Botswana, koma mabwato a maiko onse awiri aziyenda mofanana m'madzi ozungulira chilumbacho. Namibia idavomera. Palibe mayi amene adalira maliro. Nigeria, dziko la asilikali ochuluka, idatuluka m'dera la Bakassi bwalo lomwelo litagamula mokomera Cameroon mu 2002. Zoona, bwaloli silingazenge mlandu wathu Tanzania isadavomere kukaonekera. Ndiye ntchito ya akazembe athu ndi imeneyo: kuikakamira nkhaniyi ku SADC ndi ku African Union mpaka anansi athu avomere, m'malo momangodikira kuti iiwalike.

Podikira zimenezo, tikupempha boma zinthu zinayi.

Choyamba, nduna yoona za maiko akunja iime m'nyumba ya malamulo ku City Centre ifotokozere a Malawi pomwe zokambirana za a Chissano zidathera, zimene mbali iliyonse idapempha, ndi chimene boma likufuna kuchita tsopano. Nyanja si ya chipani cholamula. Aphungu a mbali zonse, makamaka ochokera ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma, aifunse nkhaniyi pa nkhumano iliyonse mpaka ayankhidwe.

Chachiwiri, Malawi ndi Tanzania agwirizane poyera za kayendedwe ka ndege ndi sitima za asilikali, za apolisi ndi za makampani m'dera lomwe akukanganalo, popanda wina kutaya mfundo yake ya malire. Akuluakulu a asilikali a mbali zonse akhale ndi njira yoyankhulirana usana ndi usiku, ndipo lamulo lakuti ndege yosadziwika siiwomberedwa isanafunsidwe lifike kwa msilikali wotsiriza wa pa gombe. Maiko awiriwa adatha kale kukhala pamodzi pa za mtsinje wa Songwe, womwe umasunthasuntha njira yake. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Chachitatu, boma linene momveka kuti chigamulo chilichonse chomwe chingabwere, asodzi ndi anthu a m'mbali mwa nyanja a mbali zonse ziwiri adzapitiriza kuwedza, kutunga ndi kuyenda monga ankachitira makolo awo Azungu asadajambule mizere ku Berlin. Kunena zimenezi sikugulitsa nyanja. Kukuchotsa mantha amene andale a tsidya lija amagwiritsa ntchito pokopa anthu awo.

Chachinayi, zikalata zonse za boma zokhudza ndege ya pa Ulongwe zitulutsidwe, kaya zili ku Capital Hill kaya kosungira zakale ku Zomba. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo palibe chinsinsi cha chitetezo chimene chingatsale pa nkhondo yomwe idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992. A Malawi adziwe kuti ndegeyo idadzera njira imeneyo chifukwa chiyani, maboma awiri adauzana zotani pambuyo pake, ndipo mabanja a omwalira adachitiridwa chiyani. Maina 10 aja alembedwe pa mwala pa bwalo la ndege la Kamuzu, pomwe ulendo wawo udayenera kuthera.

Pamene ndege ya asilikali athu idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, nkupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, a Malawi adafunsa mafunso mokweza, m'misewu, m'matchalitchi ndi m'manyuzipepala, mpaka boma lidakhazikitsa komiti yofufuza. Ambiri sadakhutire ndi mayankho, koma mafunsowo adafunsidwa poyera. Kumeneko ndiko kusiyana kwa 1987 ndi lero. Koma kufunsa maliro atachitika kale ndi theka chabe la ufulu umene tidavotera. Theka linalo ndi kufunsa anthu adakali moyo, ndege isadanyamuke. Nkhani ya nyanja ituluke m'kabati tsopano.